Mapu a Kuseri kwa Kalendala

Mlamu wanga Twaibu anachokera ku Joni
ndi zikwama ziwiri, msana wowerama
ndi kalendala ya chaka chatha.
Pa kalendalapo pali mizere ya mpesa
yowongoka ngati tsitsi loluka la mwana wa sukulu,
kumbuyo kwake mapiri obiriwira mpaka kumitambo.
Akuti kumeneko anthu amalawirira m'mawa
kuyendetsa galimoto, famu iyi, famu iyo,
kulawa vinyo, kumuzunguza m'kamwa, n'kulavula.
Kulavula, mlamu? Chinthu chogula?
Kulavula ndithu.

Ndinati tembenuza pepalalo, kuseri n'koyera.
Pensulo ndinabwereka kwa Dalitso, analira pang'ono.

Apa ndi pa wotchi ya paboma, ndajambula ngati botolo.
Tinyamuka tambala wachiwiri asanatseke kukamwa,
tilowere kwa Chimwala
chifukwa uchema sudikira munthu:
m'mawa ndi mwana wofatsa,
dzuwa likafika paliwombo wamera mano.
Lifa adzakhala ali m'mwamba mwa mgwalangwa,
chipanda pakhosi, njuchi zikumuzungulira,
adzatikuwira mtengo wake ali komweko
kuti tisamuone nkhope ponenerera.

Kenako tibwerere, tiwoloke Shire pamlatho,
a kabaza atitukwane poimika pakati
kuti tione mvuu ngati ilipo.
Ku Malindi kuli mayi Edesi
amene amasunga vinyo wa bwemba pansi pa bedi,
zigubu zitatu, chilichonse ndi mwezi wake
wolembedwa ndi makala.
Cha Okutobala chimaluma, cha Juni chimanyengerera.
Wa malambe anasiya, akuti unaphulitsa chigubu usiku,
agalu a mudzi wonse n'kuuwa mpaka mbandakucha.

Twaibu samwa. Sanalaweko n'kamodzi komwe.
Zaka zisanu ndi ziwiri akuthyola mphesa,
zala zikuda ngati wagwira inki,
koma lilime lake ndi la kumzikiti.
Ndiye chiwongolero n'chake,
ine ndi wolawa, ndipo sindilavula.
Wapempha kuti pa mapu pakhale kamtanda, ayi, kanyenyezi,
pomwe tidzaime ayale mkeka nthawi ya swala.
Ndaika ziwiri.

Tsono masamu.
Malita khumi ndi asanu, mwina makumi awiri
poti chitunda cha ku Chowe chimamwa kuposa ine.
Tayala lakumbuyo ndi dazi.
Jeke ali kwa Mbwana, yemwe tili naye ngongole.
Apolisi apa lodibuloko adzanunkhiza ine,
n'kumupatsa moni iye.
Mkazi wanga akudutsa ndi ndowa, wasuzumira:
mzere uwu ndi msewu kapena njoka?
Ndipo mukafika ku Namwera mundigulire nyemba,
osati chidede chokha chofiiritsa milomo.

Pamenepo Twaibu analanda pensulo.
Anaika kadontho pakati pa zigwembe za phiri,
pomwe msewu umapindika ngati mbedza,
pomwe palibe wogulitsa kanthu, ngakhale nthochi.
Apa pali chiyani, mlamu?
Palibe.
Anatembenuza kalendala, n'kuloza mapiri aja.
Awa, anatero, ndinawaona koyamba papepala pano,
ndili m'basi, titadutsa kale Mwanza.
Kumene kuja maso anali pa lumo ndi pa dengu,
kapitawo kumbuyo, dzuwa pakhosi.
Apa tidzazimitse injini.
Ndikufuna ndidzaime chowongoka,
manja m'thumba,
ndiyang'ane Malombe ali pansi ngati mbale yotayika,
mpaka nditope ndekha.

Sindinayankhe. Ndinasongola pensulo ndi mpeni
ngakhale inali yakuthwa.

Galimoto ikadali pamiyala kuseri kwa garaja,
nkhuku yaikira mazira anayi pampando wa dalaivala.
Mbwana akuti chitsulo chifika Lachinayi,
sanatchule la sabata iti.
Mapu tawakhoma pamwamba pa wailesi,
mpesa wa eni ake wayang'ana khoma.
Madzulo alionse Twaibu akabwera
amaima patsogolo pake, n'kuwongola msana pang'ono,
chala pa kadontho kaja.